Nzeru za kafukufuku ndi za geni: tizigawana ulere kapena mwini wake azitsekera?

Wa_ku_25:

Akuluakulu ndithandizeni maganizo, tatsutsana ndi alamu anga pa nkhani iyi ndipo palibe wagonja. Chayambitsa ndi jakisoni uja wa lenacapavir, woteteza ku HIV amene munthu umabayitsa kawiri kokha pa chaka. Kampani yake ndi Gilead ya ku America. Anamuyesa pa atsikana ndi azimayi achichepere a ku South Africa ndi Uganda, ndipo zotsatira zitatuluka mu 2024, pa anthu 2,134 amene anabayidwa palibe olo mmodzi anatenga kachilombo. Nde atamuvomereza ku America mu 2025 mtengo anauyika pa madola opitilira 28,000 munthu mmodzi pa chaka. Koma makampani a ku India amene apatsidwa chilolezo chopanga jakisoni yemweyo akuti adzagulitsa madola 40 pa chaka kuyambira 2027. Ine ndikuti ngati chinthu chingapangidwe n'kugulitsidwa pa 40 wopangayo n'kupezabe phindu, ndiye 28,000 imeneyo tikugula chani? Tikugula loko basi. Nzeru zimene asayansi apeza bwenzi zikungoyikidwa poyera aliyense wotha kupanga apange.

Alamu angawo ndi owotcherera, amapanga makina osendera mtedza ndi okonolera chimanga, iwo akuti ndikuyankhula chonchi chifukwa sindinapangepo kanthu ndi manja anga, akuti kapangidwe ka makina awo anakavutikira zaka akuwononga zitsulo ndi ma rod nde sangangopereka kwa munthu chifukwa choti wapempha mwaulemu. Kodi nzeru za kafukufuku ndi za bizinesi zizikhala za tonse kapena mwini wake ali ndi ufulu wozibisa? Nanga malire ake ali pati?

Anesi_Opuma:

Mwana wanga funso lako ena ife sitinaliwerenge m'buku, tinaliwona mu ward. Kumayambiliro a zaka za m'ma 2000 odwala amagona pabedi ena pansi pa bedi lomwelo, chakudya akadya chimangobwerera, m'kamwa muli zoyera zokhazokha, ndipo ife timadziwa bwinobwino kuti kunja mankhwala alipo, azungu akumwa akubwerera kuntchito. Mtengo wake unali madola 10,000 kapena kupitilira pa chaka. Ukatuluka pa geti la chipatala bizinesi imene imayenda inali ya mabokosi.

Boma la Mandela linakhazikitsa lamulo mu 1997 loti azitha kugula mankhwala kumene akutchipa, makampani 39 a mankhwala anakalisumira kukhoti. Tangoganizani, anthu akufa iwo akulemba ma loya. Anadzausiya mlanduwo mu April 2001 manyazi atawagwira chifukwa a TAC aja, gulu lomenyera ufulu wa odwala HIV kuti apeze mankhwala, a Zackie Achmat ndi anzawo amayenda m'misewu dziko lonse likuonerera. Chaka chomwecho bambo wina wa ku India, Yusuf Hamied wa kampani ya Cipla, ananena kuti iye agulitsa mankhwala atatuwo pa madola 350 pa chaka, osakwana dola imodzi patsiku.

Koma chimene anthu ambiri sadziwa ndi ichi. Mbulu uja timawuti Triomune munali mankhwala atatu, stavudine, lamivudine ndi nevirapine, ndipo aliwonse anali ndi mwini wake, Bristol-Myers Squibb, GlaxoSmithKline ndi Boehringer Ingelheim. Eni akewo sakanawaphatikiza chifukwa aliyense amalondera chake. Ku India nthawi imeneyo lamulo lawo silimapereka patent, chikalata cha boma choletsa ena kupanga chimene watulukira, pa mankhwala enieniwo, nde a Cipla anangowaumba onse atatu mu mbulu umodzi, wina m'mawa wina madzulo. Kwa mayi wa kumudzi amene sanapite kusukulu kusiyana kwake kunali kwakukulu, kusiyana ndi kumupatsa mabotolo atatu aliwonse ndi nthawi yake. Ndiye kutsekerako sikumangokweza mtengo, kumalepheretsanso chinthu chabwino kupangidwa.

Kuno poyamba anthu amalipira K2,500 pa mwezi, ena amagulitsa mbuzi kumwa miyezi ingapo ndalama zikatha n'kusiya, zimene zili zoopsa kwambiri pa mankhwala amenewa. Aulere anayamba mu 2004 ndi ndalama za Global Fund, ndipo zinatheka chifukwa amagula a ku India omwewo. Sindikuti anali abwino kwambiri ayi, stavudine uja amaphwetsa masaya, mapazi kumayaka moto, koma anthu anadzuka. Ine pa mankhwala musandiuze za loko.

Madala_wa_Geni:

Amayi zomwe mwanenazi palibe angatsutse, tonse tinayika abale nthawi imeneyo. Koma tisaphatikize zinthu. Funso lakamba za bizinesinso, ndipo pamenepo ine ndili mbali ya alamu akewo.

Ine ndimapanga tsabola wa m'mabotolo, wa kambuzi. Kuti ndifike poti botolo likhale pa shelefu miyezi osawira, osatupa chitsekero, osasintha mtundu, ndinataya ndowa zambiri za tsabola, viniga, mafuta, makala. Ndinalemba mnyamata ntchito ndimamuchitira ngati mwana wanga, muyeso uliwonse amauwona. Tsiku lina anangoti agogo akudwala kumudzi, pasanathe nthawi mabotolo ofanana ndi anga ali pa magolosale omwe ndimasiyako ine, lebulo yofiira ngati yanga, mtengo wotsikirako. Iye sanataye ndowa olo imodzi nde akanalephera bwanji kutchipitsa? Pano muyeso wa zokometsera ndimasakaniza ndekha kunyumba usiku, anyamata amangolandira chosakaniza kale mu jumbo.

Kwathu kuno vuto ndi lomwelo, wina akayamba chinthu chikamayenda mawa mzere wonse ukugulitsa chomwecho mpaka nonse mugwe. Nde mukati zonse zikhale poyera, ndani adzavutike kuyambitsa chatsopano? Aliyense azingodikira mnzake atuluke thukuta. Makampani a mankhwala nawonso, mankhwala ambiri amene amayamba kuyesa amathera panjira osafika pamsika, ndalama zimenezo amazibweza pa amodzi amene apambanawo. A ku India aja ndi akatswiri inde koma jakisoni ameneyu sanamutulukire iwo. Pakanapanda wotulukira bwenzi akukopera chani?

Chikondi_Law:

Madala mwanena bwino koma pali zinthu ziwiri zikusakanikirana mu thread muno, patent ndi chinsinsi cha bizinesi, ndipo zimayenda mosemphana.

Patent si kubisa. Kuti boma likupatse patent umayenera kulemba poyera mmene chinthucho chimapangidwira, aliyense atha kukawerenga, nde posinthana ndi zimenezo amakupatsa zaka 20 zoti wina asapange popanda chilolezo chako. Zikatha zaka 20 ndi cha aliyense. Chinsinsi cha bizinesi ndi ngati cha Coca-Cola, chakumwacho chinayamba 1886 ndipo sanatengere patent muyeso wake, chifukwa akanatero bwenzi unatuluka poyera kalekale. Zanu za tsabola zili mbali imeneyo madala, palibe akukulandani, ndipo palibe amamwalira chifukwa sanadye tsabola wanu kkkk.

Tsono pa mankhwala, mawu oti kampani inatulukira yokha nthawi zambiri sakhala athunthu. AZT, mankhwala oyamba a HIV, anapangidwa koyamba mu 1964 ndi Jerome Horwitz ndi ndalama za boma la America akufunafuna mankhwala a khansa, koma mu 1987 kampani ya Burroughs Wellcome inawagulitsa pafupifupi madola 10,000 pa chaka. Stavudine amene anena amayiwa patent yake inali ya Yale University, a Bristol-Myers Squibb anangopatsidwa chilolezo, ndipo mu 2001 ana asukulu a pa Yale pomwepo ndi a MSF, bungwe la madokotala opanda malire, ndi amene anakakamiza kuti ku South Africa asamatsekere. Lenacapavir yemweyu anamangidwa pa kafukufuku wa zaka zambiri wa Wesley Sundquist wa ku University of Utah wokhudza chikhokhombe cha kachilombo, wolipiridwa ndi misonkho ya anthu. Gilead inagwiradi ntchito yaikulu, sindikukana, koma maziko anamanga ndi anthu wamba nde akulipira kawiri.

Chinanso chimene chingakudabwitseni, malamulo a WTO, bungwe loona za malonda pa dziko lonse, aja amati TRIPS amalola mayiko osauka kwambiri ngati Malawi kusalemekeza ma patent a mankhwala mpaka 2033. Ndiye pa pepala ife loko tilibe. Nanga bwanji sitikupanga ma ARV athu? Chifukwa pepala la patent silimanga fakitale. Nthawi ya Covid, kampani ya Moderna inalengeza mu October 2020 kuti sisumira aliyense wopanga katemera wake mliri uli mkati, zinamveka zokoma, koma sinauze munthu kaphikidwe kake kenikeni, kutentha kwake, makina ake, kogula zipangizo. Asayansi a Afrigen ku Cape Town anachita kufufuza okha kuchokera pa zimene zinali poyera, n'kudzakwanitsa kupanga wawo woyeserera kumayambiliro a 2022, mayiko olemera atabaya kale anthu awo kawiri katatu. Nzeru yeniyeni imakhala m'manja mwa anthu a mu fakitale, ngati mnyamata wa madala uja, osati pa pepala.

Njira imene yagwira ntchito mpaka pano ndi yapakati. Bungwe la Medicines Patent Pool linakhazikitsidwa 2010, kudzera mmenemo kampani imapereka chilolezo kuti ena apangire mayiko osauka iyo n'kumagulitsabe modula kwawo. Dolutegravir, mankhwala a HIV a kampani ya ViiV, analowa mmenemo mu 2014, pofika 2017 mbulu wa TLD, umene muli dolutegravir ndi mankhwala ena awiri, unali pa madola 75 pa chaka, ndi umene anthu ambiri akumwa kuno panopa. Vuto lake ndi loti amasankha ndi mwini wake kuti ndani alandire. Chilolezo cha lenacapavir chili ndi mayiko 120, ife tilimo, koma Brazil mulibe, chonsecho anthu a ku Brazil anabayidwa nawo pa kafukufuku wake.

Mphunzi_Zomba:

Ine ndilowe mbali ya kafukufuku yeniyeniyo chifukwa ndi imene ikundiwawa pano ndikulemba thesis. Umapeza nkhani yokamba za malungo ku Chikwawa kapena za nthaka ya kwathu konkuno, olemba ena ndi a Malawi, magazi anapereka ndi anthu a m'mudzi, ukadina kuti uwerenge akuti lipira madola 30 kapena 40 nkhani imodzi yokha, ndipo sunadziwe n'komwe ngati ili ndi zomwe ukufuna. Wolembayo salandirapo kanthu pa ndalama imeneyo, owunika nkhaniyo asanayisindikize nawonso amagwira ulere, zonse zimapita kwa wosindikiza. Pamenepa nde palibenso zoti anataya ndowa za tsabola, sanataye kalikonse.

Nde anabweretsa open access kuti owerenga asamalipire, koma anangotembenuza, pano amalipira ndi wolemba. Magazini ya sayansi ya Nature inayamba 2021 kulipiritsa ma euro 9,500 kuti nkhani imodzi ikhale yaulere kwa owerenga. Ena amakhululukira mayiko osauka inde koma umachita kupempha. Zilipo zothandiza, pulogalamu ya WHO ya Hinari inayamba 2002 imatsegulira masukulu ndi zipatala za mayiko ngati athu nkhani za kafukufuku, koma password imakhala ku library, ukangomaliza sukulu kapena uli pa health centre ya kumudzi zako zada. Malawi Medical Journal ndi yaulere, ulemu wawo. Zotsalazo tisanamizane, aliyense amadziwa Sci-Hub, webusaiti yoika nkhani zolipiritsazi ulere popanda chilolezo, ya mayi uja wa ku Kazakhstan, Alexandra Elbakyan, ndipo ma lecturer omwe amalowa konko mwakachetechete.

Koma kugawana nakonso kuli ndi malipiro ake owawa. November 2021 asayansi a ku Botswana ndi South Africa, a Sikhulile Moyo ndi a Tulio de Oliveira ndi anzawo, anapeza Omicron, mtundu watsopano wa kachilombo ka Covid, n'kuuza dziko lonse msangamsanga, zonse anayika poyera kuti ena akonzekere. Zikomo yake inali kutitsekera ndege, Britain ndi America anayika chigawo chonse pa mndandanda, Malawi yemwe analimo, mpaka a Chakwera analemba pa Facebook kuti ziletso zizitsata sayansi osati kudana ndi ma Africa. Nde mawa wina akadzapeza kachilombo katsopano adzathamangira kunena?

Mjoni_Randburg:

Mphunzi wafika pomwe ndimafuna. Inu amene mukuti zonse zikhale zaulere mukuganiza kuti otsekera ndi azungu okha ife ndife opempha. Nanga zathu? Kuno ku Joni kuli chomera amati hoodia, anthu a mtundu wa San amadya akamapita kosaka kuti asamve njala, nzeru ya makolo awo. Bungwe la boma la kafukufuku, CSIR, linachifufuza n'kutenga patent m'zaka za m'ma 1990, n'kupereka chilolezo ku kampani ya ku Britain ya Phytopharm, mpaka Pfizer inalowapo kufuna kupanga mankhwala ochepetsa thupi. Eni nzeruwo sanafunsidwe. Anachita kulimbana mpaka mu 2003 mpomwe anagwirizana zowagawirako, ndipo pamapeto mankhwalawo sanafike n'komwe pamsika nde anapezapo zochepa. Rooibos naye anagulitsidwa dziko lonse zaka zambirimbiri, pangano loti a Khoi ndi a San azilandirako 1.5% ya mtengo wa pamunda linasainidwa 2019.

Ndiye agogo anu akumudzi amene amadziwa muzu wa mwakuti, kukabwera anthu ndi galimoto yoyera ndi kope kudzafunsa mwaulemu, inu muwauza kuti agogo fotokozani zonse nzeru ndi ya tonse? Iwo apita nazo ku lab, akatenga patent, adzakugulitsani mu botolo. Zinthu zikakhala poyera amapindula ndi amene ali ndi lab ndi ndalama. Amati kupatsa n'kuyika, koma zimenezo zimayenda ngati mnzakoyo amadziwa kubweza. Pali pangano la Nagoya la 2010 loti wotenga zomera ndi nzeru za makolo azipempha kaye ndi kugawana phindu, koma kumudzi ndani analimvapo.

Wa_ku_25:

Eee nde mwandisokoneza bwino. A Mjoni mfundo yanu sindinayiganizepo. Koma a Chikondi, ngati wotulukira atapereka yekha mwa kufuna kwake, si ndiye basi nkhani yatha? Ndinamva kuti wa katemera wa poliyo sanatenge patent.

Chikondi_Law:

Zoona, Jonas Salk mu 1955 atafunsidwa kuti patent ndi ya ndani anayankha kuti ndi ya anthu, n'kufunsa ngati munthu angatenge patent pa dzuwa. Koma taonani insulin. Amene anamutulukira ku Canada anagulitsa patent yake ku University of Toronto mu 1923 pa dola imodzi aliyense, dala kuti odwala shuga asavutike. Patapita zaka pafupifupi 100 ku America anthu amachita kuchepetsa muyeso wobaya chifukwa kabotolo kamodzi kamafika madola pafupifupi 300, msika pafupifupi wonse uli m'manja mwa makampani atatu, Eli Lilly, Novo Nordisk ndi Sanofi, amene amangosintha pang'ono mankhwala kapena cholembera chobayira chija n'kutenga patent yatsopano. Mtima wabwino wa wotulukira suteteza aliyense ngati opanga ali atatu okha.

Anesi_Opuma:

Ndiwonjezere kamodzi, poti a Mjoni akuti ife tikapereka timangoluza. Option B+ inayambira kuno ku Malawi mu 2011. Nthawi imeneyo malangizo amati mayi woyembekezera amene ali ndi kachilombo ayezedwe kaye CD4, muyeso wa chitetezo cha m'thupi, kuti tidziwe ngati ayambe mankhwala a moyo wonse, koma makina a CD4 m'ma health centre munalibe, magazi amapita ku boma zotsatira kubwera mayi atabereka kale kapena osabwera n'komwe. A unduna anangoti aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa akapezeka nako ayambe pompo asasiyenso. Akunja ena amakayika poyamba, koma ziwerengero zathu zinalembedwa poyera, mayiko ena anatengera, WHO inadzayika mu malangizo ake. Palibe anatilipira ndipo sindikuona kuti tinaluza chani, ana anabadwa opanda kachilombo ku Uganda ndi kwina konse. Muzu wa agogo ndi nkhani ina chifukwa pamenepo wina akukagulitsa. Koma njira yochizira munthu ukayibisa ndiye wapindula chani?

Madala_wa_Geni:

Chabwino amayi, pa za chipatala ndagonja, makamaka poti a loya atiuza kuti zambiri zimayamba ndi misonkho ya anthu. Chimene analipira ndi anthu chibwerere kwa anthu. Koma tsabola wanga sanalipire boma, ngongole ndinatenga ndekha ku banki mkhonde. Nde a Chikondi tandiuzeni zenizeni, mnyamata ujayu ndingamutani? Ndikatenge patent?

Chikondi_Law:

Patent iwalani madala. Imafuna chinthu chatsopano chimene sichinakhalepo kwina kulikonse, tsabola wa kambuzi wothira viniga sangadutse, ndipo olo atadutsa mungachite kulemba muyeso wanu wonse poyera, zomwe simukufunazo. Chimene mungateteze ndi dzina ndi lebulo. Kalembetseni trademark ku ofesi ya boma yolembetsa mayina ndi zizindikiro za malonda, mukatero wina akayika dzina kapena chizindikiro chofanana ndi chanu moti ogula n'kusokonezeka muli ndi poyambira kukhoti. Anyamata atsopano muziwasainitsa kapepala koti zomwe aona pa ntchito sakazigwiritsa ntchito kwina, sikamugwira munthu miyendo koma kamathandiza mlandu ukafika. Uyu anapita kaleyu ngati simunasainirane kanthu ndi zovuta, pokhapokha lebulo yakeyo ikuchita kunamiza anthu kuti ndi yanu. Zosakaniza usiku mu jumbo zija pitirizani, a Coca-Cola amachita zomwezo kungoti jumbo yawo ndi yaikulu.

Alamu a Wa_ku_25 nawonso chimodzimodzi, makina osendera mtedza aliyense wogula atha kuwamasula n'kuyeza ndi tepi, nde chinsinsi pamenepo palibe. Awuzeni azikhomerera dzina lawo ndi nambala pa makinawo ndipo azisunga ma spare, alimi amabwerera kwa amene amawakonzera chikawonongeka pakati pa sizoni.